Wogogoda wa m'tanki yapansi

Achemwali anga anthu amawatchula kuti Anamchere. Dzinali linabwera chifukwa cha zovala. Siketi iliyonse imene anali nayo inali ndi mizere yoyera m'munsi, pomwe madzi amchere anaumira, ndipo ukaichapa lero mizereyo imakhala itabwerera sabata lisanathe. Ine ndine telala, ndiye ndinkadandaula kuti akundichotsa ulemu, anthu aziti ndimasokera mtundu wonse kusiya m'bale wanga. Iwo ankangoyankha kuti nsomba sizinadandaulepo.

Ntchito yawo inali yosamalira matanki a nsomba za m'nyanja yamchere, aja mumawaona m'mahotela, m'zipinda zodikirira dokotala ndi m'nyumba za anthu opeza bwino. Anayamba ngati wokolopa m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta, alamu anga atangomwalira. Mwini sitoloyo anali munthu wokonda mpando, choncho pang'ono ndi pang'ono anawasiyira zonse: kusungunula mchere, kupala ndere pagalasi, kuyendera makasitomala. Sitolo itatsekedwa makasitomalawo anatsala m'manja mwawo. Ankakwera basi ndi ndowa ziwiri, paipi yokulunga paphewa, sefa ndi tochi, ndipo anthu ankawapatsa malo mwachangu poopa kunyowa.

Achemwali samva fungo. Chaka china anadwala chimfine choopsa, ndipo chitatha mphuno zinangotsala zokongoletsa nkhope. Timakhala nyumba imodzi, moti mkaka ukasasa wowauza ndine.

Mlendo akalowa m'nyumba amaona tanki yapamwamba, ya nyali zabuluu, nsomba zamawangamawanga ndi makorali, zamoyo zija zimamera pamiyala ngati maluwa. Koma pansi pake, m'kabati yotseka, mumakhala tanki ina yocheperapo. Madzi a pamwamba amatsikira mmenemo, amasefedwa, kenako pampu imawakankhiranso kumwamba. Ntchito yambiri ya achemwali inali ya m'kabatimo, chogwada, mutu uli mkati.

Tsiku lina anaitanidwa ndi mayi wina, mphunzitsi wa kusekondale. Nyumba inali ya bambo ake, madala amene kale anali ndi sitolo ya nsapato. Makatoni a nsapato zosagulidwa anali adakali m'khonde lamkati, osanjikizana mpaka kudenga, moti munthu wonyamula ndowa ankadutsa chammbali. Madalawo anagwidwa ndi sitiroko chaka chapitacho. Mbali yakumanja inafa, kulankhula kunatha. Bedi lawo lachitsulo analiika pabalaza, moyang'anizana ndi tanki, chifukwa akawagoneka kuchipinda ankakana kudya. Masana ankakhala ndi anesi, mayi wonenepa wokonda kuluka.

Aphunzitsi anafotokoza kuti vuto ndi fungo. Nyumba yonse inkanunkha mazira owola, ndipo dokotala wa madala anati mpweya wotero si wabwino pachifuwa chawo. Tankiyo bambo awo ankaisamalira okha kwa zaka zambiri, osalola munthu kuikhudza. Kabati ankaikiya, kiyi n'kumayenda naye m'thumba. Atadwala kiyiyo sanapezeke, mpaka anaitana kalipentala kudzathyola loko.

Achemwali anagwada n'kuunika ndi tochi. Tanki yapansiyo inali yaitali ngati bokosi losungira zovala, ndipo inali ndi mchenga wakuya kupitirira chikhatho choimika. Pamwamba unali woyera. Poyang'ana m'mbali mwa galasi, m'munsi monse munali bii ngati makala onyowa. Anawauza aphunzitsi kuti mchenga ukakhalitsa chonchi umaola pansi, ndipo ukauvundula wonse tsiku limodzi poizoni wake amakwera n'kupha zonse za pamwamba. Ayenera kumauchotsa pang'onopang'ono, ulendo uliwonse kagawo. Aphunzitsi anavomera msanga. Ankaoneka munthu wotopa, woti akanavomera chilichonse bola wina anyamuleko mbali ya katunduyo.

Anayamba tsiku lomwelo. Anazimitsa pampu, analowetsa paipi, anayamwa mbali inayo mpaka madzi atayamba kuyenda, mchenga n'kumatsikira m'ndowa. Anesi anatsegula mazenera onse atatseka mphuno ndi nsalu imene ankaluka. Madala ankangoyang'ana. Diso lawo lakumanzere linkatsatira dzanja la achemwali kulikonse kumene lapita.

Ndowa itafika pakati, m'kabati munamveka kugogoda. Kamodzi kokha, tha, ngati munthu wamenya galasi ndi msomali. Achemwali anaganiza kuti galasi lang'aluka ndipo anayamba kulisisita ndi zala. Ali mkati mofufuza anamva kugogoda kwina kumbuyo kwawo. Anali madala. Anamenyetsa mphete ya kudzanja lamoyo pachitsulo cha bedi, kamodzinso. Panapita kanthawi. Madala anagogoda kawiri, m'kabati munayankha kawiri.

Anesi sanadzutse n'komwe mutu. Anati zimenezo n'zatsiku ndi tsiku, amacheza choncho makamaka dzuwa likapendeka, ndipo nesi amene analipo iwo asanabwere anasiya ntchito chifukwa cha zomwezo. Iwo anazolowera, kungoti salola kutsala okha pabalazapo madala akagona, chifukwa cha m'kabaticho chimagogodabe, kudikira yankho.

Achemwali anaseka. Kusitolo ya nsomba kuja anamvapo za kachilombo kofanana ndi nkhanu, kakang'ono ngati chala, kamene kamabwera kobisala m'miyala n'kukumba mauna mumchenga. Kali ndi dzanja limodzi lalikulu limene kakaliwomba limalira ngati mfuti ya ana. Anawafotokozera anesi, ndipo anesi anapuma mozama n'kunena kuti bola, chifukwa anali atayamba kubwera ndi mafuta opemphereredwa odzozera zitseko. Madzulo achemwali anandisimbira nkhaniyi tikumwa tiyi, ndipo tinaseka tonse. Ndinawafunsa ngati kachilomboko kamadziwanso kuwerenga. Anati madala ndi amene amakatsanzira, si iko. Ndinawakumbutsa kuti mwa kunena kwawo komwe, ulendo wachiwiri kanayankha ndi iko. Anandiuza kuti ndimwe tiyi asanazizire.

Atabwerera sabata lotsatira, dzenje limene anasiya pakona linali litafafanizika. Mchenga unali wosalala kuyambira uku mpaka uko ngati wina waupitira ndi thabwa. Madzi oyenda amatha kusalaza mchenga, zimenezo sizinawadabwitse kwambiri. Chinawaimitsa ndi zigoba. Zigoba za nkhono zing'onozing'ono, zopanda kanthu mkati, zinali zitandandalikidwa mumzere m'mbali mwa galasi lakutsogolo, pomwe iwo ankalowetsera paipi, zonse zitayang'ana kukamwa kumwamba. Anafunsa anesi ngati wina anatsegula kabati. Anesi anati iwo ngakhale kuwalipira kawiri sangayerekeze.

Anazichotsa zigobazo n'kupitiriza. Mchenga uliwonse wotuluka ankaudutsitsa pasefa, kufuna kukagwira kachilomboko kamoyo kuti akaike m'botolo madala azikaona. Ankapeza nyongolotsi zofiira, tizigoba, minga ya nsomba yakalekale. Kankhanu ayi. Pagalasi lam'mbali, pomwe mchenga wakuda unayambira, ankaona una wopingasa wotsamira galasi, ndipo unali waukulu kuposa umene kachilombo konga chala kangakumbe. Mkono wa mwana ukanalowamo. Akaunika ndi tochi, kuwala kunkathera pomwe unawo unakhotera mkati.

Maulendo anapitirira chomwecho. Mchenga unkatsika, zigoba zinkabwerera pamzere wake, kugogoda kunkachuluka. Madala anayamba kuwonda. Anesi anati chakudya akulandira supuni ziwiri n'kutseka pakamwa, ndipo tsiku loti kubwera Anamchere amalidziwa, amayamba kubuula kusanache bwino. Achemwali zinawakhudza. Si munthu wouma mtima. Asanagwade ankayamba aima pafupi ndi bedi n'kuwapatsa moni, kuwauza kuti nsomba zawo zili bwino, yachikasu ija yanenepa, makorali atambasuka. Madala sankayang'ana tanki yapamwamba n'komwe. Diso linali pa kabati.

Tsiku lina akudutsa pafupi ndi bedi ndi ndowa yodzaza, dzanja la madala linawagwira pamkono. Anati sanaganizepo kuti munthu wowonda choncho angakhale ndi mphamvu zotero. Zala zinalowa mpaka kusiya mabala amene ine ndinawaona madzulo. Pakamwa pa madala panagwedera nthawi yaitali, malovu akutsika mbali yakufayo. Kenako mawu anatuluka, okhuthala koma omveka.

"Msiyeni."

Anesi anagwetsa zolukira. Chigwidwire sitiroko, munthuyo anali asanatulutsepo liwu ndi limodzi lomwe.

Achemwali anatula ndowa n'kugwada kuti nkhope zifanane. "Ndimsiye ndani, agogo?"

Madala anayesanso, koma panangotuluka mpweya. Misozi inatsika ku diso lamoyo lokha. M'kabati munali zii.

Chimene chinawasautsa achemwali, monga anandiuzira usiku tisanagone, ndi kapangidwe ka liwulo. Akanakhala kuti akunena mchenga akanati usiyeni. Akanakhala kuti akunena kachilombo akanati kasiyeni. Koma anati msiyeni, monga umanenera za munthu. Ine ndinati munthu wa sitiroko lilime limapotoka, asawerengere. Anavomera, koma anakhala pa bedi nthawi yaitali nsapato ili kuphazi limodzi.

Anawaimbira aphunzitsi kuwauza kuti mwina ntchito iime. Aphunzitsi anabwera mawa lake kuchokera kusukulu, choko chili m'manja. Anakhala pafupi ndi bambo awo, kuwaitana, kuwapempha kuti anenenso kanthu, kalikonse, ngakhale dzina lawo lokha. Madala anangoyang'ana kabati. Kenako aphunzitsi anatulukira kukhitchini ndi achemwali n'kutseka chitseko. Sanakalipe. Anati chaka chonse akhala akuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwawerengera nyuzipepala, ndipo liwu loyamba lapita kwa mlendo, lokhudza tanki. Anati kuyambira ali mwana zinali choncho: bambo akaweruka kusitolo ankapitirira anthu pabalaza, kukagwada pakabati, kutsegula, n'kumanong'ona mmenemo mpaka chakudya kuzizira. Mayi awo, amene anamwalira kalekale, ankati m'nyumbamo muli mkazi wachiwiri. Achemwali anafunsa ngati madala ananenapo chimene chili mumchengamo. Aphunzitsi anati anafunsapo kamodzi ali kamtsikana, ndipo anayankhidwa kuti si za ana.

"Malizani, mayi," anatero. "Chifuwa chawo chikuipiraipira. Ngati muli chamoyo mmenemo, chiikeni m'chidebe, tichisunga. Koma mchengawo utuluke."

Achemwali anakonza chidebe cha madzi amchere oyera, ndi kapampu ka mpweya, n'kuchiika pomwe madala angachione. Anawalonjeza kuti sapha kanthu.

Tsiku lomaliza kunali mphepo yozizira ndi mvula yowaza, ndipo madala anali ndi chifuwa. Anesi anatseka mazenera onse. Anati fungo lero lachepa, kapena mphuno zawo zazolowera, sakudziwa. Atawamwetsa madala mankhwala anapita kubafa kukachapa nsalu za pabedi. Unali masana, cha m'ma leveni, koma pabalaza panali mdima wabuluu wa nyali za tanki.

Mchenga wotsala unali wakuda wokhawokha, wolimba ngati dothi, ndipo paipi inkalephera kuukoka. Achemwali anatsitsa madzi, analowetsa mutu ndi mapewa m'kabati, n'kuyamba kukumba ndi kapu. Kapu iliyonse inkatulutsa thovu lalikulu lophulika pamwamba pa madzi. Iwo sankamva kanthu. Anangoona kuti m'maso mukuyabwa, ndipo mutu ukulemera mokoma, ngati tulo ta munthu wokhuta. Anaganiza zopuma akamaliza kona imeneyo.

Kapu inafika pa una uja, denga lake linagumuka. Zimene anaona pamenepo anandiuza kamodzi kokha, ndipo sanabwerezenso. Anati pansi pa dzenjelo, m'madzi akudawo, panali chinthu chotuwa, chosalala, chachikulu ngati chikhatho. Anayesa mwala kapena chigoba chachikulu. Anabweretsa tochi pafupi. Chinthucho chinatembenuka pang'onopang'ono, ndipo chinali ndi diso. Nsomba amazidziwa, maso ake satseka. Ili linaphethira. Silinkaoneka laukali kapena lamantha. Linawayang'ana monga amakuyang'anira munthu wodwala ukamutsegulira katani mwadzidzidzi.

Anati sanachite mantha, ndipo chimenecho ndicho chimawaopsa akakumbukira. Anangomva chisoni ndi tulo. Anatsamiritsa chipumi pamphepete mwa galasi kuti apume pang'ono. Kutali anamva kugogoda, osati kamodzi kapena kawiri, koma kosalekeza, kutsogolo kwawo ndi kumbuyo kwawo nthawi imodzi.

Anesi ali kubafa, mpopi ukutuluka, anamva phokosolo. Amanena mpaka lero kuti linayambira m'kabati, lamphamvu ngati hamala, ndipo mphete ya madala inalowerera pambuyo. Atathamangira pabalaza anapeza achemwali atalendewera m'tanki, tsitsi lili m'madzi, madala akumenya chitsulo cha bedi mpaka chala kutuluka magazi. Fungo linawabweza pakhomo. Anagwira mpweya, anawakoka achemwali miyendo mpaka kukhonde, anatsegula zitseko ndi mazenera, n'kukankhira bedi la madala pafupi ndi khomo. Ali mkati moitana ambulansi anamva galasi likusweka. Tanki yapansi inang'aluka mbali yonse yakutsogolo, madzi akuda ndi mchenga n'kukhuthukira pansi mpaka kunyowetsa makatoni a nsapato.

Ine anandiimbira ndili pamakina. Achemwali ndinawapeza kuchipatala atatsitsimuka, akusanza, akufunsa ngati wina wakumbukira kuika mpweya m'tanki yapamwamba. Dokotala anati ndi mpweya woipa wa mumchenga, ndipo munthu akaupuma wambiri amatha kuona zinthu zoti palibe. Anawakalipira kuti munthu wosamva fungo sayenera kugwira ntchito yotero yekha. Achemwali anavomera zonse. Za galasi anati mwina analitsamira kwambiri pokomoka.

Aphunzitsi ndi anesi ndi amene anakolopa. Mchenga wonse anauwola ndi fosholo n'kuudutsitsa pasefa ya achemwali, chifukwa madala ankabuula akafuna kuutaya osausefa. Anapeza zigoba, minga, nyongolotsi zakufa. Sanapeze nkhanu, nsomba, kapena chilichonse chachikulu kuposa chala. Zitseko zinali zotsegula nthawi yonseyo, koma chinthu cha m'madzi chingapite kuti pa simenti?

Achemwali atachira anabwerera kukaika tanki yapansi yatsopano, yagalasi lokhalokha, yopanda mchenga. Ulendo umenewo ndinawaperekeza, ndinatseka shopu. Nyumba inali itasiya kununkha. Pampu yatsopano inkalira mofatsa, nsomba zapamwamba zonse zinapulumuka, ndipo tinakhalamo masana onse osamva kugogoda. Madala anali atatembenukira kukhoma. Anesi anati anachita kuloza ndi dzanja kuti awatembenuze choncho, ndipo akawabweza amalira. Chala chinali chomangidwa bandeji, mphete anaichotsa chifukwa cha kutupa.

Tisananyamuke achemwali anagwada pafupi ndi bedi. Anawathokoza chifukwa choitana anesi. Kenako anati, "Pepani, agogo. Ndinalonjeza." Madala sanatembenuke. Tinadikira pang'ono, ndipo anesi anatikodola kuti tizipita.

Tinakwera basi. Pafupi ndi kwathu achemwali anangoti akanakonda madalawo akanawatukwana.

Madala anamwalira miyezi ingapo pambuyo pake. Aphunzitsi anagulitsa nyumba, ndipo tanki anaipereka kusukulu ina ya ana. Tinakumana nawo patapita nthawi pamalo okwerera basi, atanyamula makope a ana m'chikwama. Anatipatsa moni mwansangala, anafunsa za thanzi. Basi yawo ikuyandikira, anawagwira achemwali pamkono n'kuwauza kuti bambo awo analankhulanso kamodzi, masiku omaliza. Anawayang'ana iwo, mwana wawo, n'kufunsa kuti, "Wapita kuti?"

"Ndinangoti wapita kwawo, bambo," anatero aphunzitsi. "Anagwedeza mutu n'kugona. Koma inu mayi, munali mmenemo. Ankanena ndani?"

Achemwali anati sakudziwa, ndipo sananame. Aphunzitsi anakwera basi, anatibayibitsa pazenera, ndipo sitinaonanenso.

Ntchito anaipitiriza zaka zambiri ndithu, mpaka maondo atayamba kukana masitepe. Pano amandithandiza kusita zovala za makasitomala kushopu, ndipo anatsala ndi matanki awiri okha apafupi, la dokotala wa mano ndi la hotela ina yaing'ono. Anthu amawaimbirabe kufuna kuchotseredwa mchenga wakale m'matanki apansi, chifukwa odziwa ntchitoyo ndi ochepa. Amawapatsa nambala ya munthu wina. Akafunsidwa chifukwa amati msana, ndipo n'zoona, msana umawapweteka.